Lipoti la nkhani: mtsikana wa chialubino wa Sitandade 2 ndi mabuku amene tinasankha

Lipotili ndalembera aphunzitsi anzanga a makalasi aang'onoang'ono, a PEA (alangizi a maphunziro a pulayimale m'zoni) ndi makomiti a sukulu amene amagwira ndalama zogulira mabuku. Likunena za mtsikana wa zaka 9, wa chialubino, yemwe ankabwereza Sitandade 2 pasukulu yathu, kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, cha kunjira yotsikira ku Kachulu kunyanja ya Chilwa. Dzina lake, la mudzi ndi la sukulu ndabisa dala chifukwa cha chitetezo chake, ndipo agogo ake analola kuti nkhaniyi ilembedwe pa mfundo yomweyo. Ine ndine mphunzitsi wa kalasiyo, komanso ndimatsogolera anzanga ophunzitsa kuwerenga kuyambira Sitandade 1 mpaka 4.

Kalasi yake

Ana m'kalasimu ndi oposa 100, okhala pansi. Mazenera ndi a njerwa zobowola, ndiye m'mawa dzuwa limalowa mizeremizere n'kumenya pa bolodi, pamene kumbuyo kumakhala kamdima. Makolo ambiri ndi asodzi a matemba ndi alimi a mpunga. Kunyumba ana ena amayankhula Chichewa, ena Chiyao, ndipo alipo amene agogo awo amayankhula Chilomwe. Mabuku ndi ochepa kuyambira Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anasandutsa makalasi athu misasa ya anthu othawa madzi.

Timatsata NRP, ndondomeko yophunzitsira kuwerenga imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2016, ndi mabuku okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Mwana amayamba ndi kumva maliwu, kenako malembo, maphatikizo, mawu, ziganizo. Pa ntchito iliyonse mphunzitsi amayamba yekha, kenako achitira limodzi ndi ana, pomaliza ana achita okha. Njirayi ndi yabwino, koma m'kalasi yodzaza chonchi mwana akhoza kubisala m'mawu a anzake chaka chathunthu. Mtsikanayu ndi mmene anabisalira. Tikamayimba ma, me, mi, mo, mu onse pamodzi, mawu ake ankamveka kuposa a wina aliyense. Ukamulozera phatikizo limodzi kuti atchule yekha, ankangoti zii, kapena kutchula lomwe wamva komaliza. M'kaundula wa chaka chatha munalembedwa kuti ndi mwana wochedwa kugwira zinthu.

Zimene kuyesa kunaonetsa

Ndinamuyesa payekha mu ofesi ya ahedi, momwe mulibe kuwala kothobwa m'maso. Zonse za khutu ankazidziwa. Ankatchula liwu loyamba m'mawu, kudula mawu m'maphatikizo powomba m'manja, ndipo nthano yomwe ndinamuwerengera anaifotokoza yonse mwadongosolo, mpaka kundiuza chifukwa chimene Fisi anapusitsidwira. Pa tsamba la buku zinthu zinasintha. Lembo la a, la o ndi la e ankawasokoneza, chimodzimodzi n, m ndi u. Malembo omwewo nditawalemba ndi cholembera chakuda chonenepa pa zidutswa za katoni, lililonse lalikulu pafupifupi bokosi la machesi, ambiri anawatchula bwinobwino. Mutu unalibe vuto. Vuto linali loti zimene timalemba sizinkamufika m'maso.

Powerenga ankayandikiza pepala mpaka kukhudza mphuno, mutu ataupendeketsa kumanzere. Anandiuza kuti kunyumba ndi kusukulu komwe anthu amamuletsa zimenezi, amati aononga maso. Ndiye m'kalasi ankagwira buku patali monga anzake, n'kumangoyang'ana tsamba lomwe sakuliona.

Kudzera mwa a PEA tinaitana mphunzitsi wa ana a ulumali wa m'zoni mwathu, yemwe anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Anatifotokozera zinthu zimene mphunzitsi aliyense ayenera kudziwa. Pafupifupi munthu aliyense wa chialubino amakhala ndi vuto la kuona, chifukwa chinthu chimene amasowa m'thupi, chomwe chimadetsa khungu, chimafunikanso pa kakulidwe ka diso. Maso amagwedezeka okha, kuwala kumawapweteka, ndipo zakutali sizioneka bwino. Kupendeketsa mutu ndi njira imene mwana amapezera malo amene masowo amadekha. Kuyandikiza buku sikuononga diso ayi. Komanso vutoli silikulirakulira mpaka munthu kusiyiratu kuona monga ambiri amaganizira. Mfundo yomalizayi inathetsa maganizo a mmodzi wa akomiti, amene mwachikondi ndithu anati mwanayu atumizidwe kusukulu yogonera komweko akaphunzire Braille, malembo amene osaona amawerenga ndi zala. Ana ambiri a chialubino amawerenga malembo wamba, bola akulitsidwe. Tinamulembera kalata yopita kuchipatala cha maso ku Zomba Central, kumene anamuyeza n'kumupatsa magalasi. Magalasiwo anathandiza, koma sanachotse vuto lonse, ndipo adokotala anali atanena kale kuti zidzakhala choncho.

Panalinso chifukwa china chosakhudza maso. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, pamene kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu a chialubino kunachuluka m'dziko muno, makamaka kwa anansi athu ku Machinga, mabanja ambiri salola mwana wotere kuyenda yekha. Agogo ake ndiwo ankamuperekeza, koma atayamba atunga madzi ndi kuzungulira kumunda wa mpunga. Pofika, phunziro la Chichewa limakhala latha kapena lili kumapeto. Gulu la amayi la pasukulu linakonza zoti amayi oyandikana nawo azisinthana kuperekeza ana onse a mbali imeneyo pamodzi, osati iye yekha. Kuchedwa kunachepa kuyambira pamenepo.

Zosintha m'kalasi

Izi zinali zosavuta ndipo zambiri sizinadye ndalama. Anakhala kutsogolo, koma kumbali yomwe dzuwa limamudzera kumsana. Ahedi analola kuti azivala chipewa chake chakhonde m'kalasi momwe, ngakhale lamulo la pasukulu limati chipewa chivulidwe pakhomo. Bolodi tinalipakanso utoto wakuda chifukwa linali litayera ndi choko. Chilichonse chimene ndikulemba ndimachitchula mokweza, ndipo ntchito ya pa bolodi ndimamupatsiratu pa khadi lake. Mizere ya m'kope timaidetsa ndi cholembera. Tinamupangira kachoimikira buku ka katoni kuti asamaweramire pansi mpaka khosi kuwawa, ndi kapepala kakuda koboola pakati kuti mzere umodzi wokha uzioneka, popeza maso ogwedezeka amalumpha mizere. Zonsezi ndi TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, yomwe tinaphunzira ku koleji.

Kusankha mabuku

Apa ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Bungwe lina linatipatsa makatoni a mabuku a nkhani, a Chichewa ndi a Chingerezi, ndipo komiti inapatula kandalama kuchokera ku SIG, ndalama zimene boma limapereka zotukulira sukulu, kuti tiwonjezere. Kale mabuku otere ankangodindidwa chidindo cha sukulu n'kulowa m'kabati. Ulendo uno tinakhala pansi: ine, mphunzitsi wa Sitandade 1, mphunzitsi wa ana a ulumali uja, mayi mmodzi wa gulu la amayi ndi wapampando wa komiti. Ndinapempha kuti buku lililonse lidutse m'manja mwa ana, ndipo mtsikanayu akhale mmodzi wa iwo, atakhala pamalo pake penipeni m'kalasi, nthawi ya m'mawa imene timawerenga. Kusankhira mwana buku iye palibe kuli ngati kumugulira nsapato pamsika phazi lake lili kunyumba.

Choyamba tinafuna kudziwa ngati akuliona. Mabuku okongola kwambiri ndiwo anagwa msanga. Mapepala ake ndi onyezimira, ndiye kuwala kukagundapo iye ankatsinzina n'kutembenuzira nkhope kumbali. Ena mawu anawalemba pamwamba pa chithunzi, malembo oyera pa thambo labuluu kapena ofiira pa udzu. Buku lina linali ndi malembo okhotakhota okometsera, lina lembo lake la a linali la mtundu wa makina, la kachipewa pamwamba, losiyana ndi limene timalemba pa bolodi. Ndinamuona akulitembenuza uku ndi uku, kenako anandibwezera n'kunena kuti, “Madamu, ili ndi la zithunzi zokha.” Mawu analimo tsamba lililonse. Amene anapambana anali osaoneka bwino pachikuto: pepala losawala, malembo akuda bii, mizere yotalikirana, mawu pansi kapena pambali pa chithunzi, malo omwewomwewo tsamba lililonse kuti diso lisamasake.

Chachiwiri, ngati mwana wa msinkhu wa kuwerenga umenewu angathe kuliwerenga yekha. Chichewa chimalembedwa monga chimamvekera, choncho mwana akadziwa maphatikizo ochepa amatha kale kuwerenga mawu ambiri. Koma buku lomwe tsamba loyamba lili ndi ng'ombe, nkhwangwa ndi ntchentche limamugwetsa mphwayi mwana amene wangofika pa ma ndi ka. Ambiri mwa mabuku a Chichewa m'makatoniwo anali omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo womasulirayo sanaganize za maphatikizo. Nkhani imene m'Chingerezi inali ya mwana woyamba kumene inasanduka ya Sitandade 4. Sitinawataye. Tinapanga milu iwiri, wa mabuku amene mphunzitsi amawerengera ana, ndi wa amene ana amawerenga okha. Mulu wachiwiriwu unali wochepa zomvetsa chisoni.

Chachitatu ndi chomwe anthu ambiri amayambira akamakamba za mabuku osasiya mwana aliyense kunja: kodi m'bukumo muli ndani, ndipo akuchita chiyani? Ine ndimachiika pachitatu dala. Buku likhoza kukhala ndi ana a mitundu yonse pachithunzi, koma ngati mwana wa vuto la maso sakuona mawu ake, lamusiya kunja basi. Komabe funsoli ndi lalikulu. Mayi wa gulu la amayi ndi amene anayamba kuona kuti atsikana m'mabuku ambiri ali ndi ndowa pamutu kapena tsache m'manja, pamene anyamata akukwera mitengo, kuyendetsa galimoto ndi kupulumutsa anzawo. Mwana wovala hijabu kapena kofiya sitinamupeze, chonsecho ana athu ambiri akaweruka amapita ku madrasa. Msodzi, bwato ndi doko munalibe. Mwana wa ulumali ankapezeka m'mabuku onena za ulumali okha, ndipo nthawi zonse ali pakona akulira, kudikira kuti mwana wabwinobwino amumvere chisoni. Buku lotere limaphunzitsa ana ena kukhala achifundo, inde, koma mwini ulumaliyo limamuuza kuti ntchito yake m'nkhani ndi kuthandizidwa.

Tinakangana kwambiri pa buku limodzi. Linali la mwana wa chialubino, lolembedwa ndi cholinga chabwino chothetsa nkhanza, koma pakati pake panali chithunzi cha anthu onyamula zikwanje usiku pakhomo la nyumba. Wapampando anati limeneli ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa likunena zoona ndipo ana ayenera kudziwa. Mfundo yawo inali yomveka. Ine ndinkaganiza za mmene zidzakhalire ndikuliwerenga mokweza, ana 100 onse atatembenukira kwa mwana mmodzi. Tinagwirizana zofunsa agogo ake. Atamva nkhaniyo ndi kuona zithunzi anati, “Aphunzitsi, zimenezi mwanayu akuzidziwa kale, amagona nazo. Kusukulu mumupatseko zina.” Bukulo tinalisunga kuti lizigwira ntchito pamisonkhano ya makolo ndi mafumu, kumene uthenga wake ukufunikadi. M'kalasi ya Sitandade 2 silinalowe.

Nthano nazo tinazisefa. Za Kalulu, Fulu ndi Fisi zinalowa zonse, ana amazikonda ndipo zimawaphunzitsa kutsata nkhani. Tinapatula zokhazo zimene kusaona, linunda kapena kusamva zikubwera ngati chilango cha munthu woipa, ndi zimene gogo aliyense wokhala yekha ndi mfiti.

Zimene tinapanga tokha

Titasefa chonchi, mabuku oti mtsikanayu awerenge yekha anatsala owerengeka ndi zala. Ndinatenga nkhani zina pa African Storybook, tsamba la pa intaneti lomwe bungwe la Saide la ku South Africa limayendetsa. Nkhani zake zili m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe, ndipo chilolezo chake chimalola kuzitsitsa, kuzisintha ndi kuzisindikiza. Ndinasintha mawu ovuta, ndinakulitsa malembo kuyambira pa saizi 24 kupita m'mwamba mpaka iye atanena kuti apa ndiye bwino, ndipo tinakasindikiza m'tauni pa mapepala wamba a A4.

Zina tinalemba tokha. Imene ana anaikonda kwambiri imayamba chonchi: “Ine ndili pa doko. Agogo agula matemba. Ine ndatenga mbale.” Wofotokozayo ndi mtsikana amene amathandiza agogo ake kugulitsa matemba, ndipo tsiku lina amazindikira kuti wogula wawapatsa ndalama zoperewera. Zithunzi anajambula ana a Sitandade 7. Mtsikana wa m'nkhaniyo wavala chipewa chakhonde ndi malaya a manja aatali, khungu lake ndi loyera, koma mawu oti alubino mulibe paliponse. Nkhani ndi ya matemba ndi masamu. Ana atafunsa chifukwa chimene wavalira chipewa, ndinayankha mwachidule kuti dzuwa limamuwotcha khungu, n'kupitiriza kuwerenga.

Mabuku okulitsa malembowa sitinasindikize limodzi lokha. Tikanatero likanatchedwa buku la uje, ndipo iye akanachita nalo manyazi, monga ankachitira ndi khadi lake masiku oyamba. Tinasindikiza angapo n'kuwasakaniza ndi ena m'bokosi la kalasi. Posakhalitsa ndinaona anyamata awiri amene nthawi zonse ankathamangira omwewo. Mmodzi atayezedwa anapezeka kuti naye saona bwino zakutali, ndipo palibe amene ankadziwa, ngakhale makolo ake.

Pa tchati cha ntchito zimene anthu amagwira, pakati pa namwino, woyendetsa minibasi ndi mlimi, ndinamatapo chithunzi cha m'nyuzipepala cha a Overstone Kondowe, amene mu 2021 anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Nkhotakota, woyamba wa chialubino m'dziko muno. Pansi pake ndinangolemba kuti phungu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu a chialubino 134,636 m'Malawi muno. Anthu ochuluka chonchi sayenera kumaoneka m'mabuku a ana pokhapokha nkhani ikakhala ya maliro.

Ana a Chiyao tinawaganiziranso, ngakhale pang'ono. Tisanawerenge timakambirana zithunzi, ndipo amene Chichewa chikumuvuta amaloledwa kufotokoza m'Chiyao, mnzake n'kutithandiza. M'mabuku athu opanga tokha tinalemba mayina a zinthu m'ziyankhulo zonse ziwiri patsamba lomaliza. Kumeneku n'kuyamba chabe. Mabuku enieni a nkhani a Chiyao a msinkhu uwu tilibe.

Zotsatira

Pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri ankawerenga maphatikizo a malembo awiri ndi mawu afupiafupi popanda kuthandizidwa. Mu teremu yachitatu anawerenga nkhani ya matemba ija yonse pamaso pa kalasi, pepala lili pamphuno, ndipo anayankha mafunso ake. Amawerenga pang'onopang'ono kuyerekeza ndi anzake amene amadziwa zofanana naye, ndipo maso amatopa msanga. Ndikuona kuti zimenezi zidzakhalapobe, choncho pomuyesa kuwerenga mosadodoma sindimuthamangitsa ndi wotchi. Ndimamupatsa ndime zifupizifupi ndi nthawi yopumitsa maso. Mayeso a kumapeto kwa chaka tinamulembera pa pepala lokulitsa malembo, mafunso omwewo a anzake, ndipo anakhoza kupita Sitandade 3.

Mayina onyoza m'kalasi anachepa kwambiri. Sindinganene kuti ndi mabuku okha anachita zimenezi, chifukwa nthawi yomweyo ahedi ndi amayi aja ankayankhulanso ndi ana ndi makolo. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti pa nthawi yowerenga awiriawiri ana anayamba kulimbirana kukhala naye, poyamba chifukwa cha buku lake looneka bwino, kenako chifukwa amatha kuwathandiza. Kunja kwa mpanda wa sukulu, kumsika ndi kumjigo, agogo ake akuti zonyoza zikadalipo. Nyengo ya mvula anajombanso kangapo mitsinje itadzaza, monga ana ena onse a tsidya limenelo.

Zotsala

Mabuku a Sitandade 3 ali ndi ndime zitalizitali ndi malembo ocheperako, ndipo maphunziro ndi ochuluka. Kukulitsa tsamba lililonse ndi fotokope kukufuna ndalama zimene SIG yathu singakwanitse yokha, popeza yomweyo ikudikiridwa ndi zimbudzi ndi madenga. Tapempha kudzera kwa mphunzitsi wa ana a ulumali kuti apezeke galasi lokulitsa malembo logwira m'manja, lomwe lingachepetse zosindikiza. Mphunzitsi wa Sitandade 3 ndamulembera zonse: malo okhala, saizi ya malembo, za chipewa, za kuyandikiza buku, ndi kuti asamuyese ndi kuyimba kwa gulu. Ahedi alemba vuto lake la maso m'kaundula wa sukulu kuyambira tsopano, kuti pofika Sitandade 8 adzalembetsedwe ku MANEB, bungwe loyendetsa mayeso a boma, ngati wofuna mapepala okulitsa malembo.

Mu Sitandade 1 mwalowa mnyamata wosamva, ndipo m'makatoni onse aja mulibe buku ngakhale limodzi losonyeza chiyankhulo cha manja. Komiti yavomera kuti pa pulani ya sukulu ya chaka chino pakhale mzere wa ndalama zosindikizira mabuku athu, ndipo kagulu kosankha mabuku kaja kakumananso teremu ino, mayi ake a mnyamatayo ali pomwepo.